Mmene mungakonzere fomula yabwino yoyezera luso la quarterback poponya mpira

Mu ligi ya NFL ya mpira wa ku America, wosewera amene amagwira udindo wa quarterback amaweruzidwa kwambiri ndi nambala imodzi yotchedwa passer rating, imene ligiyi inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1973 ndipo sinaisinthe mpaka lero. Nambalayi imaonetsedwa pa wailesi yakanema masewero ali mkati, imalembedwa m'nyuzi, ndipo ochemerera amaigwiritsa ntchito akamatsutsana za amene ali katswiri kuposa mnzake. Komabe aliyense amene anaiphwanyapo n'kuona zimene zili mkati mwake amadziwa kuti ili ndi zolakwika zikuluzikulu, moti munthu amene ali ndi kompyuta, pulogalamu ngati Excel komanso mtima wodekha angathe kukonza fomula yoiposa. Chofunika kugwiritsitsa pa ntchito yonseyi n'chakuti kulemera kwa chinthu chilichonse mu fomula kuyenera kuchokera pa phindu limene chinthucho chimabweretsa pa bwalo, ndipo kulemerako kuyenera kuyesedwa kaye musanakukhulupirire.

Tikumbutsane kaye mwachidule mmene masewerowa amayendera. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi ndi mamita 0.9144. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi, yotchedwa ma down, kuti ipite patsogolo mayadi 10, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso mipata ina inayi. Ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye kuti yachinya touchdown, imene imapatsa mapointi 6. Quarterback ndi amene amaponya mpira kwa anzake. Mpirawo ukawakhidwa ndi wa timu ina, imeneyo ndi interception, ndipo quarterback akagwetsedwa asanaponye, kumbuyo kwa mzere umene seweroli linayambira, imeneyo ndi sack.

Choyamba: phwanyani fomula yakale kuti muone pamene ikulakwika

Musayambe kulemba fomula yanu musanawerengetsere yakale ndi manja anu. Mu 1971 Pete Rozelle, yemwe anali mkulu wa NFL, anapempha kuti papezeke njira yokhazikika yoyezera oponya mpira, chifukwa njira imene inalipo inkangosanja osewera a chaka chimodzi poyerekeza ndi anzawo, ndipo zinali zosatheka kuyerekeza chaka china ndi chinzake. Komiti imene inatsogoleredwa ndi Don Smith wa ku Pro Football Hall of Fame, mothandizana ndi Seymour Siwoff wa ku Elias Sports Bureau ndi Don Weiss wa ku ofesi ya ligi, inatenga ziwerengero za osewera a zaka za 1960 mpaka 1970 n'kupanga fomula ya zigawo zinayi.

Chigawo choyamba chimayang'ana mipira yowakhidwa: gawani mipira imene anzake anawakha ndi mipira yonse imene anaponya, chotsani 0.3, kenako chulukitsani ndi 5. Chachiwiri chimayang'ana mtunda: gawani mayadi onse ndi mipira yoponyedwa, chotsani 3, kenako chulukitsani ndi 0.25. Chachitatu ndi ma touchdown ogawidwa ndi mipira yoponyedwa, ochulukitsidwa ndi 20. Chachinayi mumachipeza pogawa ma interception ndi mipira yoponyedwa, kuchulukitsa ndi 25, n'kuchotsa yankholo pa 2.375. Chigawo chilichonse sichiloledwa kutsika pansi pa 0 kapena kupitirira 2.375. Mukaphatikiza zinayi zonsezi, kugawa ndi 6 n'kuchulukitsa ndi 100, mwapeza passer rating. Nambala yapamwamba imene munthu angafike ndi 158.3, ndipo wosewera wapakatikati wa nthawi imeneyo, amene theka la mipira yake inkawakhidwa, amene ankapeza mayadi 7 pa mpira uliwonse, ma touchdown 5 peresenti ndi ma interception 5.5 peresenti, ankayenera kupeza 66.7.

Tsopano chitani chinthu chimene anthu ambiri sachita: sandutsani zigawo zonse kuti zikhale mayadi. Popeza yadi imodzi imachulukitsidwa ndi 0.25, gawani nambala zina zonse ndi 0.25. Mudzapeza kuti fomula yakale imaona mpira uliwonse wowakhidwa ngati mayadi 20 aulere, kuwonjezera pa mayadi enieni amene mpirawo wapeza, touchdown ngati mayadi 80 aulere, ndipo interception ngati kutaya mayadi 100. Apa m'pamene vuto lalikulu limaonekera. Mpira wowakhidwa ukulipidwa kawiri, chifukwa mayadi sangapezeke popanda kuwakha, ndiye chigawo cha mtunda chinawerengera kale kuwakhako. Yesani chitsanzo ichi pa pepala. Wosewera wina waponya katatu, mipira yonse yawakhidwa, uliwonse wapeza mayadi 3, moti timu yake yapeza mayadi 9 okha ndipo ikuyenera kuukankha mpira kupita kwa adani. Fomula ikumupatsa 79.2. Mnzake waponyanso katatu, iwiri yagwera pansi koma wachitatu wapeza mayadi 30, ndipo timu yake ikupitiriza kusewera ili pafupi ndi golo. Fomula ikumupatsa 71.5. Palibe mphunzitsi wa timu amene angasankhe woyambayo, koma nambala ya ligi yamusankha.

Malire a 0 ndi 2.375 aja nawonso amabweretsa zodabwitsa. Munthu amene waponya mipira yonse pansi, osawakhidwa ndi aliyense, amapeza 39.6, ndipo amene mipira yake yonse yawakhidwa koma uliwonse ukubwerera m'mbuyo yadi imodzi amapezabe 79.2. Chinanso n'chakuti fomulayi siona sack ngakhale pang'ono. Mukalemba zolakwika zimenezi pa tsamba limodzi, mwapeza mndandanda wa zimene fomula yanu iyenera kukonza.

Chachiwiri: sankhani funso limodzi

Pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza, ndipo fomula imodzi singayankhe onse bwinobwino. Loyamba ndi lakuti, kodi kuponya kwa wosewerayu kunathandiza timu yake motani mu sizoni yapitayi? Lachiwiri ndi lakuti, kodi wosewerayu ali ndi luso lotani, ndipo tiyembekezere zotani kwa iye m'masewero akubwerawa? Pa funso loyamba, interception imene inachitika chifukwa mnzake anaugunda mpira ndi manja n'kuulozetsa kwa mdani iyenera kuwerengedwa yonse, popeza timu inatayadi mpira. Pa funso lachiwiri, interception yoteroyo ikutiuza zochepa kwambiri za luso la woponyayo. Lembani funso lanu pamwamba pa tsamba, ndipo mukafika pokayika m'magawo otsatirawa, bwererani ku funsolo. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi loyamba, chifukwa ndi losavuta kulitsimikiza, kenako musinthe fomula yomweyo pang'onopang'ono kuti iyankhe lachiwiri.

Chachitatu: werengani nthawi zonse zimene quarterback anabwerera kuti aponye

Fomula iliyonse yotere ndi kugawa, ndipo nambala imene mukugawira ndi yofunika mofanana ndi imene mukugawa. Fomula yakale imagawa ndi mipira yoponyedwa yokha. Zimenezi zikutanthauza kuti wosewera amene amakakamira mpira mpaka kugwetsedwa, n'kutayitsa timu down komanso mayadi 7 kapena 8, salangidwa, pamene mnzake wanzeru amene amautaya mpira kunja kwa bwalo kuti apulumutse mayadiwo amatsitsidwa chifukwa mpirawo sunawakhidwe. Choncho phatikizani ma sack pa mipira yoponyedwa, ndipo chotsani mayadi otayika pa sack pa mayadi onse.

Ena adzakutsutsani kuti sack ndi mlandu wa osewera akutsogolo amene amateteza quarterback. Pali choonadi pa mfundoyi, ndipo chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi David Carr, amene anagwetsedwa maulendo 76 mu 2002 akusewerera Houston Texans m'chaka chimene timuyi inali itangokhazikitsidwa kumene. Koma ofufuza ziwerengero za masewerowa akhala akupeza kuti kuchuluka kwa ma sack kumatsatira quarterback ngakhale akasamukira ku timu ina, chifukwa ndi iye amene amasankha nthawi youlekera mpira. Ndiye ma sack ayenera kulowa. Ngati ziwerengero zanu zikulolani, chotsani mipira imene quarterback amaimenyetsa pansi mwadala kuti aimitse wotchi, popeza imeneyo si kuyesa kuponyera munthu. Ganizirani bwino za nthawi imene anabwerera kuti aponye koma n'kuthamanga ndi mpira ataona kuti palibe womuponyera. Sewero lotero linayamba ngati loponya, ndipo ndi bwino kuliphatikiza. Koma kuthamanga kokonzedwa kale ndi mphunzitsi, kumene kunathandiza Lamar Jackson kupeza mayadi 1,206 othamanga mu 2019, kusungeni padera ngati cholinga chanu ndi kuyeza kuponya kokha.

Chachinayi: pezani kulemera kwa touchdown ndi interception kuchokera pa bwalo

Ili ndiye gawo lofunika kuposa ena onse, ndipo ndi limene muyenera kutherapo nthawi yambiri. Funso ndi lakuti, kodi touchdown ndi yofanana ndi mayadi angati, nanga interception? Yankho lingapezeke poganizira mapointi amene timu imayembekezera kupeza ikakhala pamalo ena pa bwalo. Maganizo amenewa anafalitsidwa mu 1971 ndi Virgil Carter, yemwe anali quarterback wa Cincinnati Bengals, pamodzi ndi Robert Machol. Iwo anawerengera, pa malo osiyanasiyana a bwalo, avereji ya mapointi amene timu yokhala ndi mpira pamalopo inkapeza kapena kutaya pa kugoletsa kotsatira. Mukakhala ndi tebulo lotere, phindu la sewero lililonse ndi kusiyana kwa mapointi oyembekezeredwa lisanayambe ndi litatha.

Mukaganiza motere mudzaona chifukwa chake mayadi 80 aulere pa touchdown ndi ochuluka mopitirira muyeso. Timu imene ili pa yadi imodzi kuchokera pa golo, ili ndi mipata inayi, imakhala itatsala pang'ono kupeza mapointi onse, ndipo amene wamaliza yadi yomalizayo sanachite ntchito yofanana ndi kuyenda bwalo pafupifupi lonse. Mphoto ya touchdown iyenera kukhala kusiyana kwa kufika pa yadi yomaliza ndi kudutsa mzere, basi. Buku la The Hidden Game of Football la 1988, lolembedwa ndi Bob Carroll, Pete Palmer ndi John Thorn, linaika touchdown pa mayadi 10 ndipo interception pa kutaya mayadi 45. Pambuyo pake tsamba la Pro Football Reference linakweza touchdown kufika pa mayadi 20 n'kusiya interception pa 45. Fomula imene inatuluka imadziwika ndi zilembo ANY/A, ndipo imayenda motere: tengani mayadi oponya, wonjezerani ma touchdown ochulukitsidwa ndi 20, chotsani ma interception ochulukitsidwa ndi 45, chotsaninso mayadi otayika pa sack, kenako gawani zonsezi ndi mipira yoponyedwa yophatikizidwa ndi ma sack. Onani kuti mpira wowakhidwa sulandira mphoto yapadera. Umangopeza mayadi amene wapezadi.

Yesani fomulayi pa masizoni awiri otchuka kuti muone kusintha kumene imabweretsa. Mu 2011 Aaron Rodgers wa Green Bay Packers anaponya mipira 502, yowakhidwa 343, mayadi 4,643, ma touchdown 45 ndi ma interception 6, ndipo anapeza passer rating ya 122.5, imene ndi yapamwamba kwambiri pa sizoni imodzi. Mu 2004 Peyton Manning wa Indianapolis Colts anaponya 497, yowakhidwa 336, mayadi 4,557, ma touchdown 49 ndi ma interception 10, ndipo anapeza 121.1. Pa fomula yakale Rodgers ali pamwamba. Koma Rodgers anagwetsedwa maulendo 36 n'kutaya mayadi 219, pamene Manning anagwetsedwa maulendo 13 okha n'kutaya mayadi 101. Mukawerengetsera, Manning akupeza 4,986 kugawa ndi 510, zimene ndi 9.78, pamene Rodgers akupeza 5,054 kugawa ndi 538, zimene ndi 9.39. Malo asinthana, ndipo chimene chawasinthanitsa kwambiri ndi ma sack amene fomula yakale sinawaone.

ANY/A ikhale poyambira panu, ndipo ikhalenso mpikisano wanu, kutanthauza kuti fomula iliyonse imene mupange iyenera kuiposa pa mayeso a m'gawo lomaliza, apo ayi palibe chifukwa choigwiritsira ntchito. Musangolandira 20 ndi 45 popanda kufufuza. Ziwerengero za sewero lililonse la NFL kuyambira 1999 zimapezeka mwaulere kudzera mu pulogalamu ya nflfastR, imene inakonzedwa ndi Sebastian Carl ndi Ben Baldwin, ndipo muli kale nambala ya mapointi oyembekezeredwa imene imatchedwa EPA. Tengani avereji ya EPA ya ma interception onse a zaka zimene mwasankha, yerekezerani ndi avereji ya mipira yongogwera pansi, kenako gawani kusiyanako ndi phindu la yadi imodzi. Chitaninso chimodzimodzi ndi sack, ndi kugwetsa mpira pa sack, ndiponso ndi kupeza down yoyamba yatsopano, chinthu chimene fomula yakale ndi ANY/A zonse sizichiona ngakhale kuti ndi chimene chimasunga mpira m'manja mwa timu. Mayadi 8 pa down yachitatu pamene pakufunika 10 ndi kulephera, pamene mayadi 3 pamene pakufunika 2 ndi kupambana, ndipo mphoto yaing'ono pa down yoyamba iliyonse ndi njira yosavuta yolowetsera kusiyana kumeneku mu fomula.

Pali mayadi ena amene salembedwa m'buku la quarterback ngakhale kuti timu yawapeza chifukwa cha mpira wake. Wotchinga wa timu imene ilibe mpira akasokoneza wowakha mpira usanafike, NFL imaika mpira pamalo pamene mlanduwo wachitikira, ndipo nthawi zina amakhala mayadi 40 kapena kuposerapo, koma sewerolo siliwerengedwa ngati mpira woponyedwa. Ngati mukugwira ntchito ndi ziwerengero za sewero lililonse, aphatikizeni.

Chachisanu: siyanitsani ntchito ya woponya ndi ya wowakha

Mpira umene wauluka yadi imodzi, wowakha n'kuthamanga nawo mayadi 60, umalembedwa mofanana ndi mpira umene wauluka mayadi 61 n'kugwera m'manja mwa munthu wotchingidwa. Kuyambira 2006, ziwerengero za sewero lililonse zimasonyeza mayadi amene mpira unauluka m'malere ndi amene anapezeka utawakhidwa kale, choncho mungathe kuwagawa pawiri. Apa pamafunika kusamala, chifukwa kuchotsa mayadi onse othamanga n'kulakwitsa: quarterback amene amaika mpira patsogolo pa mnzake, pamalo pamene sangafunike kuima, amathandiza kuti mayadiwo apezeke. Njira yabwino ndi kumupatsa mayadi onse a m'malere, kuwonjezerapo avereji ya mayadi amene owakha amapeza pa mipira ya mtunda wofanana, ndiponso gawo laling'ono la amene apitirira avereji imeneyo. Kukula kwa gawolo kupezeni poyesa, monga mmene tifotokozere kutsogoloku.

Ngati mukufunabe kuti kulunjika kwa mpira kuoneke mu fomula, musagwiritse ntchito peresenti ya mipira yowakhidwa yokha. Mu 2016 Sam Bradford wa Minnesota Vikings anafika 71.6 peresenti, imene pa nthawiyo inali yapamwamba m'mbiri ya ligi, koma ankapeza mayadi 7.0 okha pa mpira uliwonse chifukwa yambiri inali yaifupi. Muyeso woyenera ndi umene umatchedwa CPOE, umene umayerekeza mipira yowakhidwa ndi imene woponya wapakatikati akanawakhitsa pa mtunda ndi malo ofanana.

Chachisanu ndi chimodzi: ganizirani nyengo, adani ndi nthawi ya masewero

Malamulo a NFL asintha kwambiri mokomera oponya. Mu 1978 ligi inaletsa otchinga kukankhana ndi owakha akadutsa mayadi 5, inalolanso oteteza quarterback kutambasula manja, ndipo mu 2004 oyimbira anauzidwa kuti atsatire lamulo la kukankhana lija mosanyengerera. Zotsatira zake n'zakuti avereji ya passer rating, imene inakonzedwa kuti ikhale 66.7, inapitirira 90 m'zaka ngati 2020. Joe Namath, amene mu 1967 anakhala woyamba kuponya mayadi opitirira 4,000 pa sizoni imodzi, anamaliza ntchito yake ndi 65.5, ali ndi ma interception 220 ndi ma touchdown 173, ndipo Johnny Unitas anamaliza ndi 78.2. Amene angawerenge nambalazi osadziwa nyengo yake angaganize kuti anthuwa anali osewera ofooka.

Kukonza zimenezi n'kosavuta. Pa chaka chilichonse pezani avereji ya ligi ndi nambala yosonyeza kumwazikana kwa osewera, imene mu Excel imapezeka ndi lamulo la STDEV. Chotsani avereji pa nambala ya wosewera, gawani ndi kumwazikanako, chulukitsani ndi 15, kenako wonjezerani 100. Tiyerekeze kuti avereji ndi 6.0, kumwazikana ndi 1.2, ndipo wosewera wapeza 7.2: yankho ndi 115. Pa sikelo imeneyi 100 ndi wapakatikati m'chaka chilichonse, ndipo ndi njira yofanana ndi imene Pro Football Reference imagwiritsa ntchito. Musaike malire pamwamba kapena pansi, chifukwa malire amataya uthenga umene munavutika kuusonkhanitsa.

Pa za adani, pezani avereji imene timu iliyonse yotchinga imalola, osaphatikizapo masewero a wosewera amene mukumuyezayo. Ngati ligi yonse ili pa 6.0 koma timu imene anakumana nayo imalola 5.0 yokha, wonjezerani 1.0 pa zotsatira zake za tsikulo. Bwerezani kuwerengetsera kumeneku kangapo, popeza mphamvu ya otchinga nayonso imadalira oponya amene anakumana nawo, mpaka nambala zitasiya kusuntha. Muyeso wa DVOA wa Aaron Schatz unamangidwa pa maganizo otere.

Nthawi ya masewero ndi nkhani yovutirapo. Timu ikatsalira m'mbuyo ndi mapointi ambiri kumapeto, adani amabwerera m'mbuyo n'kulola mipira yaifupi dala, ndipo mayadi opezeka pamenepo ndi otsika mtengo. Ndi bwino kuchepetsa kulemera kwa masewero amene wopambana wadziwika kale. Koma sindikulangizani kuti muchulukitse kulemera kwa mphindi zomaliza za masewero othinana, chifukwa mphindi zoterozo ndi zochepa kwambiri pa sizoni, ndipo mukazikweza ndiye kuti mipira khumi kapena makumi awiri ndi imene ilamulire nambala ya chaka chonse.

Chachisanu ndi chiwiri: musakhulupirire kwambiri ziwerengero zochepa

NFL imafuna kuti munthu aponye mipira 14 pa masewero alionse a timu yake kuti alowe pa mndandanda, zimene ndi 238 pa sizoni ya masewero 17 imene inayamba mu 2021. Kudula kotere kumachotsa osewera ena kotheratu n'kukhulupirira otsalawo mofanana. Njira yabwino ndi kukokera aliyense ku avereji molingana ndi kuchepa kwa mipira yake. Wonjezerani mipira yongoyerekeza ya wosewera wapakatikati pa ziwerengero za aliyense. Tiyerekeze kuti mwasankha 200 ndipo avereji ndi 6.0. Amene wapeza 9.0 pa mipira 100 atsika kufika 7.0, chifukwa 900 kuphatikiza 1,200 kugawa ndi 300 ndi 7.0, pamene amene wapeza 9.0 pa mipira 550 atsika pang'ono chabe kufika 8.2. Nambala ya 200 ndi chitsanzo basi, ndipo yeniyeni muipeze poyesa.

Kukoka kumeneku kusakhale kofanana pa zigawo zonse. Ma interception ndi osowa, awiri kapena atatu pa mipira 100, ndipo amasinthasintha kwambiri chaka ndi chaka ngakhale kwa wosewera yemweyo, choncho ngati mukuyankha funso la luso ayenera kukokeredwa ku avereji mwamphamvu kuposa mayadi ndi ma sack. Zimenezi sizikutanthauza kuti alibe ntchito. Jameis Winston anaponya mayadi 5,109 ndi ma touchdown 33 mu 2019 komanso ma interception 30, ndipo chiwerengero chachikulu chotere chimakhalabe choonekera ngakhale mutachikoka.

Chachisanu ndi chitatu: yesani fomula pa zaka zimene sinazione

Gawani ziwerengero zanu pawiri musanayambe kusintha kulemera kulikonse. Mwachitsanzo, mangani fomula pa zaka za 2006 mpaka 2018, ndipo zaka zotsatira muzitsekere pambali mpaka mutamaliza. Fomula imene yayesedwa pa ziwerengero zomwezo zimene inamangidwapo imaoneka yabwino nthawi zonse, ngati mwana amene walemba mayeso ataona kale mayankho.

Mayeso oyamba ndi oona ngati nambala yanu ikuyenda limodzi ndi mapointi amene timu imapeza nthawi iliyonse ikakhala ndi mpira. Gwiritsani ntchito lamulo la CORREL mu Excel. Pewani kuyesa ndi masewero opambana okha, chifukwa kupambana kumadaliranso otchinga ndi okankha mpira, komanso timu imene ikugonja imakakamizika kuponya mipira yoopsa, moti ma interception ena ndi zotsatira za kugonja m'malo mokhala chifukwa chake. Mayeso achiwiri ndi a kukhazikika: gawani masewero a wosewera aliyense m'magulu awiri, a masabata osagawika ndi 2 ndi a masabata ogawika ndi 2, n'kuona ngati nambala ya gulu lina ikulosera ya linzake. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa chaka ndi chaka chotsatira. Mayeso achitatu, amene ndi ovuta kuwapambana koma ndi amene amanena zambiri, ndi a osewera amene anasintha timu. Ngati nambala yanu ikumutsatira munthu ku timu yatsopano kuposa mmene passer rating ndi ANY/A zimachitira, ndiye kuti ikuyezadi wosewerayo kuposa anzake omuzungulira. Osewera otere ndi ochepa chaka chilichonse, choncho sonkhanitsani zaka zambiri musanagamule.

Pa mayeso onsewa ikani fomula yanu pambali pa passer rating, ANY/A, EPA pa sewero lililonse, ndiponso Total QBR imene wailesi yakanema ya zamasewero ya ESPN inayambitsa mu 2011 pa sikelo ya 0 mpaka 100. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kulemba zimene zachitika. Chigawo chilichonse chimene sichikukweza zotsatira chichotseni, ngakhale chikhale chimene munachikonda poyamba. Mukamaliza yang'anani mndandanda wa osewera, ndipo dzina likakhala pamalo odabwitsa fufuzani chifukwa chake, popeza kawirikawiri pamenepo m'pamene pamabisala cholakwika cha masamu, monga ma sack owerengedwa kawiri. Koma mukapeza kuti masamu ali bwino, musasinthe kulemera pofuna kuti dzinalo libwerere pamene mtima wanu ukufuna.

Pofalitsa, lembani fomula yonse poyera, kulemera kulikonse ndi kumene kunachokera, zaka zimene munamangira ndi zimene munayesera, kuti wina athe kubwereza ntchitoyo n'kukutsutsani ngati mwalakwitsa. Total QBR imadandaulidwa kwambiri chifukwa wowerenga sangathe kuiwerengetsera yekha. Pambali pa nambala ya wosewera aliyense sonyezani chiwerengero cha nthawi zimene anabwerera kuti aponye, ndipo werengetseraninso avereji ya ligi, kumwazikana ndi kulemera kwa interception sizoni iliyonse ikatha, makamaka m'chaka chimene ligi yasintha malamulo a otchinga kapena a kuteteza quarterback.